Pang'ono Ndi Zingati?

Mawu amene Mayi Zingati ankadana nawo kuposa njoka anali akuti "pang'ono". Mukanatha kuwaponda chala, kuwathira madzi a sopo pansapato, ngakhale kuwadutsa osawapatsa moni, iwo ankangoseka. Koma mungoyerekeza kunena kuti "pang'ono" iwo ali pafupi, ndiye kuti mwaziputa dala. Ankaima njii, n'kutsitsira magalasi pamphuno, choko chili kukhutu ngati pensulo ya kalipentala, kenako n'kuponya funso limene linawapatsa dzina lija:

"Pang'ono ndi zingati?"

Anali mphunzitsi wa masamu pasukulu ya pulayimale ya kumapeto kwa msewu, ndipo kwa iwo kalasi sinkathera pakhomo. Msewu wonse unali kalasi. Ngakhale moni weniweniwu unali mayeso.

"Mwadzuka bwanji, agogo?"

"Tadzukako pang'ono, aphunzitsi."

"Pang'ono ndi zingati? Pa khumi mwadzuka zingati?"

Anthu anazolowera mpaka nkhalamba zosadziwa kulemba dzina zinkayankha molimba mtima kuti, "Sikisi poyinti faifi, aphunzitsi. Zotsalazo wadya ndi msanawu."

Ena onse ankakumana nazo pongodutsa. Amene anasenza mtolowu chaka ndi chaka anali amuna awo, atelala, bambo wamfupi, wonenepa, wa dazi lonyezimira, amene shopu yawo inayang'anizana ndi geti la sukulu. Tsoka lake, utelala umayendera mawu omwewo. Bwezani pang'ono. Tsitsani pang'ono. Bwerani mawa, kwangotsala pang'ono. Telala mukamulanda mawu amenewa ndiye kuti mwamulanda sizasi.

Ngakhale kudziwana kwa awiriwa kunayamba ndi mawu omwewo. Mayiwo ali mtsikana, atangoyamba kumene ntchito, anabweretsa siketi kuti ifupikitsidwe. Atelala anaitambasula patebulo, n'kufunsa mwaulemu wonse kuti, "Ndidule pang'ono?" Anapatsidwa phunziro la masentimita ataimirira, ndipo pamene mtsikanayo ankatuluka, mtima wa atelala unali utapita naye limodzi. Siketi ija anaisoka mwezi wathunthu, dala, kuti mwini wake azibwerabwera.

Tsiku limene analimba mtima anavala jekete, ngakhale kunja kunali kotentha koopsa.

"Aphunzitsi, ine ndimakukondani kwambiri."

"Kwambiri ndi zingati? Pa khumi."

"Khumi!"

"Bodza. Mwamuna wa khumi sanabadwe."

Atelala anapukuta thukuta. "Chabwino, naini poyinti faifi."

"Nanga theka linalo lili kuti?"

"Theka linalo ndi mantha, aphunzitsi."

Mtsikanayo anaseka mpaka kugwira chitseko, n'kuvomera pomwepo. Ankati pa amuna onse amene anamufunsira, uyu yekha ndi amene anaonetsa njira imene wapezera yankho.

Dzina lawo atelala analipeza patapita zaka. Chaka chimenecho Mayi Zingati anali ndi kalasi imene inkawasowetsa mtendere. Kuphatikiza ana ankatha, kuchotsera ankatha, kuchulukitsa ankayesetsa. Koma atafika pa manambala okhala ndi kadontho, zinthu zinasokonekera. Wina ankakaiwala. Wina ankakaika kumapeto kwenikweni ngati akutseka chiganizo. Wina anachita kukafufuta pabolodi, ati ankayesa kuti ntchentche yachita zake.

Tsiku lina ali patebulo, mayiwo anasiya kudya n'kuyamba kuyang'anitsitsa mutu wa amuna awo. Atelala ankakudziwa kuyang'ana kumeneko. Sikunkatha bwino.

"Bambo, mawa musatsegule shopu."

"Kwagwanji?"

"Ndikufuna kadontho koti ana sangakaiwale."

Mmawa mwake atelala anapezeka atakhala pakampando kutsogolo kwa kalasi, dazi atalipaka mafuta polamulidwa. Mbali iyi kunaima mwana atanyamula katoni yolembedwa 2, mbali inayo mwana wina atanyamula 5.

"Nambala iyi ndi chiyani?"

"Thuu poyinti faifi!" ana anakuwa.

"Uku ndi kulemera kwa khanda lobadwa lero, makilogalamu awiri ndi theka. Kadontho, taimirirani, pitani pakona."

Atelala ananyamula kampando kawo n'kupita pakona ngati mwana wolakwa. Ana awiri aja anayandikana.

"Tsopano ndi chiyani?"

"Twente faifi!"

"Mwaona? Munthu wamfupi chonchi, wosaoneka n'komwe pagulu, koma wangochoka, khanda lasanduka thumba la simenti. Amayi ake alibereka bwanji kumsana?"

Kalasi inaphulika. Ana ena anachita kugwa pansi. Atelala anafuna kukwiya, koma ataona kamwana kena ka kutsogolo kakubwezera msangamsanga timadontho tonse m'kope mwake, anangobwerera pamalo.

Kenako inafika nthawi yochulukitsa. Akati "kuchulukitsa ndi teni", kadontho kankakoka kampando n'kudumpha mwana mmodzi cha kuchitseko. Akati handiredi, kankadumpha awiri, ndipo pakasowa nambala ankaitana mwana wina kuti adzaime ngati ziro. Zinkayenda bwino mpaka wina wa kumbuyo anakweza dzanja.

"Madamu, nanga tikachulukitsa ndi miliyoni?"

"Funso labwino! Maziro, bwerani. Kadontho, yendani."

Ana anathamangira kutsogolo, aliyense kufuna kukhala ziro. Atelala anakoka kampando, gwee, gwee, gwee, mpaka anatulukira pakhomo chafutambuyo, n'kukagunda miyendo ya ahedi amene ankabwera kudzaona chimene chayambitsa phokoso.

"Atelala! Mukutani pano?"

"Ndachulukitsidwa, ahedi."

Ali pakhondepo anasuzumira kugeti n'kuona kasitomala akugogoda pashopu. Sanatsanzike. Anasiya kampando n'kuliyatsa liwiro, mimba ili patsogolo, ndipo kalasi yonse inakhamukira m'mawindo ikukuwa kuti, "Kadontho kathawa! Kadontho kathawa!" Kuyambira tsiku limenelo palibe anawatchulanso dzina lina. Ngakhale achemwali awo enieni, obadwa nawo bere limodzi, ankafika pakhomo n'kufunsa kuti, "Alamu, a Kadontho alipo?"

Chaka chilichonse, ikafika nyengo ya phunziro limenelo, a Kadontho ankalumbira kuti ulendo uno sapita. Chaka chilichonse ankapezeka akupaka mafuta dazi.

Nkhani imene anthu sanaitope kuikamba ndi ya abutchala. Linali tsiku la masewero, ndipo ana ankapikisana kulumpha mtunda pamchenga. Wopambana ankayenera kukaimira sukulu pa mpikisano waukulu. Tepi yoyezera inali ya a Kadontho, choncho nawonso anali pomwepo atagwada, akugwira nsonga yake. Mwana wa abutchala, mnyamata wodya bwino, analumpha mamita 2.45. Kenako kanabwera kamtsikana kachetechete, kowonda ngati bango, mwana wa mlonda wa pasukulupo, kopanda nsapato. Kanauluka n'kukatera pa 2.5.

Mphunzitsi wa zamasewero atalengeza kuti mtsikana wapambana, abutchala anadumpha chingwe cha oonerera. Anali chimunthu chachikulu, manja ngati mafosholo, mawu ngati lole yokwera phiri.

"Chinyengo! Kuyambira liti faifi kuposa fote faifi? Ine sukulu ndinapitako!"

Makolo ena anayamba kung'ung'udza kuti bamboyo akunena zoona. Mphunzitsi uja anali mnyamata wofatsa, wongoyamba kumene ntchito, ndipo anatsala pang'ono kufufuta dzina la mtsikana. Mlonda anaima patali atagwira chipewa pachifuwa. Kamtsikanako kanangoyang'ana zala zake za kumapazi. A Kadontho anaona akazi awo akudutsa bwalo, siketi ikuchita phephephe, ndipo mtima unawagwa, chifukwa abutchala anali kasitomala wawo wamkulu. Buluku limodzi la bamboyo linkadya nsalu ya anthu awiri.

"Mayi," ananong'ona, "mulankhule nawo mofatsa pang'..." Anadzigwira pakamwa.

Mayi Zingati anaima kutsogolo kwa abutchala, mutu wawo ukulekezera pabatani lachitatu la shati.

"Bambo, ndikabwera kwanu kudzagula nyama makilogalamu 2.5, inu n'kundipatsa 2.45, mwandiwonjezera kapena mwandibera?"

Kumbuyo kwa gulu mayi wina anakuwa kuti, "Amatero masiku onse ameneyo!" Bwalo lonse linafa nacho chiseko.

"Gwadani apa," anatero aphunzitsi. Chimunthu chija chinagwada pamchenga pafupi ndi a Kadontho. "Fote faifi wa mwana wanu ndi uyu. Tsopano yendetsani chala. Fote sikisi, fote seveni, pitirizani. Apa. Faifi amene mukumunyozayu ndi fifite, kungoti ziro wake wamusiya kunyumba. Wafika patali ndani?"

"Mtsikanayu," anayankha abutchala chapansipansi.

"Sindinamve."

"Mtsikanayu!"

"Mwakhoza. Lolemba mubwere ndi pensulo."

Anthu ankayesa nthabwala, koma Lolemba abutchala anabweradi, atasamba bwinobwino, pensulo ili m'thumba la shati. Anawakhazika padesiki la kutsogolo. Kulowa analowa, ndipo anamvetsera bwino, mpaka anakwezako dzanja kawiri. Vuto linabwera belu litalira. Ataimirira, desiki linaimirira nawo. Ana anakoka miyendo, ahedi anakoka mikono, osatheka, mpaka anaitana kalipentala kudzazula thabwa. Potuluka, buluku linang'ambika kuchokera palamba mpaka pabondo, ndipo anawoloka msewu atadziphimba ndi tchati cha kuchulukitsa. A Kadontho anasoka bulukulo akuimba nyimbo. Kwa nthawi yoyamba panapezeka mwamuna wina wamkulu amene anavutikapo m'kalasi imeneyo. Kamtsikana kaja kanapita ku mpikisano katavala nsapato zatsopano, ndipo amene anazigula anali abutchala omwewo, ngakhale ankakana kwamtuwagalu akafunsidwa.

Mayi Zingati atapuma pantchito, a Kadontho anaganiza kuti mtendere wafika. Anagula mpando wandalema n'kuuika pakhonde la shopu kuti akazi awo azikhalapo n'kumaona anthu odutsa. Anakhalapo mmawa umodzi. Madzulo ake chitseko cha shopu chinali chitapakidwa penti wakuda, ndipo choko cholembera nsalu chinayamba kusowa m'kabati.

Kasitomala sankatenganso chovala asanayankhe funso. Dalaivala wina anabwera kudzatenga jekete, anachoka akudziwa kugawa malita a mafuta ndi makilomita, jekete ataliiwala. Mkwatibwi wina anangoti m'chiuno mubweze pang'ono, ndipo anatsala pang'onong'ono kuchedwa ku ukwati wake womwe. Makasitomala ena anayamba kuzembera pawindo la kuseri, n'kumanong'ona ngati akugula katundu wakuba.

Apa ndiye a Kadontho anapanduka, kamodzi kokha m'banja lonse. Anaimitsa makina, n'kuvula tepi m'khosi, n'kuiponya patebulo.

"Mayi, tiuzane zoona lero. M'nyumba muno ine ndine mwamuna wanu kapena chipangizo chophunzitsira?"

Mayiwo anaganiza mofatsa, ngati funso la mayeso.

"Theka theka."

"Ndiye theka limene lili mwamuna likunena kuti sukulu iyi itsekedwe!"

"Lamveka. Nanga theka linalo likuti bwanji?"

A Kadontho anayang'ana pakhonde. Panali ana atatu atakhala pansi, makope ali pamaondo, ndi mmisiri womanga nyumba, bambo wa imvi, amene anabwera mwamanyazi kudzafunsa mawerengedwe a tepi yake yatsopano. Onse ankawayang'ana. Anatola tepi n'kuibwezera m'khosi.

"Theka linalo likuti mugule choko chanu."

Pa zonse zimene zinachitika pakhondepo, chimene a Kadontho sankachikamba moseka chinali chimodzi. Masana ena kunabwera mayi wachitsikana, khanda lili kumsana likutentha thupi, botolo la mankhwala lili m'manja. Anali wophunzira wakale wa Mayi Zingati, wa m'gulu lija lokhala kumbuyo, amene masamu ankamudutsa ngati mphepo.

"Madamu, pepani. Apongozi akuti apa alemba mamililita fifitini, ndimwetse masipuni atatu. Koma ine ndikuona ngati pakatipa pali kenakake. Ndaopa."

Mayi Zingati anapukuta magalasi n'kuyandikitsa botololo kumaso. Inki inali itafufutika ndi thukuta la m'manja, koma pakati pa 1 ndi 5 panali kachizindikiro kochepa ngati njere ya mchenga.

"Wamwetsa kale?"

"Ayi. Ndinakumbukira khanda la thumba la simenti lija."

Aphunzitsi sanamufunse funso lililonse. Anamugwira dzanja, n'kupita naye okha kumene anagula mankhwalawo kuti akamve kwa eni ake, ndipo kunalidi wanu poyinti faifi. Atabwerako anakhala pampando wandalema uja, umene sankaukhala. A Kadontho anawabweretsera madzi.

"Bambo," anatero patapita nthawi, "anthu amati ndimavuta."

"Mumavutadi, mayi."

"Ndipitirize?"

"Pitirizani."

Matenda anawapeza akadali ndi choko m'manja. Anayamba kuwonda, mawu n'kumachepa, koma lilime silinafooke. Kuchipatala anapeza kuti theka la ogwira ntchito linadutsa m'manja mwawo. Namwino wina, mayi wamkulu ndithu wolemekezeka pawodi yonse, anabwera ndi jakisoni akumwetulira.

"Musaope amayi, mungomva kuwawa pang'..."

Anaima. Anayang'ana nkhope ya wodwalayo, magalasi ali pamphuno, ndipo jakisoni anatsala pang'ono kugwa.

"Pepani madamu! Ziro poyinti thuu!"

"Baya tione." Atabaya, wodwalayo anatsinzina diso limodzi. "Ziro poyinti seveni. Ukadali wabodza ngati kale."

Dokotala ankachita kukonzekera asanafike pabedi lawo, ngati wolowa mayeso. Odwala anzawo, amene poyamba ankangobuula, anayamba kuwerengerana madontho a diripu n'kumatsutsana mayankho. A Kadontho ankakhala pambali ndi nsalu ndi singano, akusoka mabatani pamanja, chifukwa kungokhala sankatha, ndipo akayang'ana akazi awo nthawi yaitali maso ankachita nkhungu.

Mmawa wina mayiwo anawapempha kuti awakonzere kolala ya diresi, ati yapindika. A Kadontho anaikonza bwinobwino, n'kuisalaza ndi chikhatho.

"Mwasoka bwino moyo wonse, bambo," anatero. "Sindinakuuzeni chifukwa mukanatukumuka."

Anagona tulo, ndipo sanadzukenso.

Kumaliro kunabwera anthu amene a Kadontho sankawadziwa n'komwe: madalaivala, anamwino, amisiri, azimayi a pamsika, wina woyendetsa ndege amene anachita kuchokera kutali. Abutchala, atakalamba, akuyendera ndodo, analira mokweza kuposa achibale. Anthu ankayamba kukamba za malemuwo nkhope zili zachisoni, koma nkhani isanafike pakati wina ankapezeka waphulika kuseka, n'kubisa nkhope m'mpango kuti azioneka ngati akulira.

Masiku ano msewu uja uli phee. Sukulu ilipo, ndipo mphunzitsi watsopano wa masamu ndi munthu wabwino, wodziwa ntchito, amene kalasi yake simveka ngakhale uli pawindo. Anthu amapatsana moni mwachidule n'kudutsana. Makasitomala amalowera pakhomo la kutsogolo mopanda mantha, amanena zimene akufuna, amatenga zovala zawo n'kumapita, ndipo shopu ikuyenda bwino kuposa kale. A Kadontho amati imeneyo ndiyo mbali yowawa kwambiri.

Mmawa amadzipangira okha tiyi pakatebulo ka kuseri kwa makina. Palibe wowaletsa chilichonse tsopano. Amathira shuga sipuni yoyamba, n'kuthira yachiwiri. Yachitatu amaitapa modzaza bwino, n'kuiimika pamwamba pa kapu, mutu ataupendeketsa cha kukhonde, kudikira kuti wina awakalipire. Amadikira mpaka tiyi atasiya kufuka nthunzi. Kenako amabwezera shugayo m'chitini, n'kumwa tiyi wawo wozizira.